Pa, ku ndi mu: kamzere ka pa terminal kayenera kuuza munthu pamene waima

Munthu akatsegula terminal pa kompyuta, chinthu choyamba chimene amaona ndi kamzere kakafupi kodikira kuti alembe lamulo. Pa Ubuntu kamaoneka motere: `mlendo@dimba:~$`. Mawu oyambawo ndi dzina la wogwiritsa ntchito, achiwiriwo ndi dzina la kompyutayo, kachizindikiro kopindika kakuimira foda yake yaikulu, ndipo chizindikiro cha dola chikunena kuti makina akonzeka kumva. Kamzere kameneka akatswiri amakatcha prompt. Wolemba mapulogalamu kapena wosamalira maseva amakaona kambirimbiri pa tsiku, kuposa mawu ena alionse a pa sikirini yake, koma ndi ochepa amene amakawerenga ngati chiganizo. Ena amakasiya mmene anakapezera mpaka maso amasiya kukaona. Ena amakaveka mitundu ndi tizithunzi mpaka uthenga wake umabisika. Njira zonse ziwirizi zimaphonya ntchito ya kamzereka, yomwe ndi kuuza munthu kuti iye ndi ndani pa makinawo, waima pati, ndipo ali ndi mphamvu zotani. Aliyense wogwira ntchito pa terminal ayenera kukakonza ndi cholinga chimenechi, ndipo wolankhula Chichewa ali ndi mwayi wapadera, chifukwa galamala ya chilankhulo chake imasiyanitsa malo mwaluso limene chizindikiro cha @ sichingathe.

Pulogalamu imene imalemba kamzereka ndi kumva malamulo imatchedwa shell. Yoyamba ya Unix inalembedwa ndi Ken Thompson ku Bell Labs mu 1971. Mu 1979 kunabwera ya Stephen Bourne, ndipo kwa iyo n'kumene kunachokera mwambo woti dola aimire munthu wamba, pamene `#` amaimira root, yemwe ndi mwini mphamvu zonse pa kompyuta. Bash, imene makompyuta ambiri a Linux amagwiritsa ntchito lero, inatulutsidwa ndi Brian Fox mu 1989 pansi pa ntchito ya GNU. Zsh inalembedwa ndi Paul Falstad mu 1990 ali wophunzira ku Princeton, ndipo kuyambira mu 2019 ndi imene Apple imaika poyamba pa makompyuta a Mac. Mbiriyi ikuonetsa kuti kuyambira kale, chilembo chomaliza cha prompt chinali chenjezo. Lamulo lolakwika likalembedwa pambuyo pa `$` nthawi zambiri limangoononga zinthu za mwini dzinalo, koma lomwelo likalembedwa pambuyo pa `#` lingathe kufafaniza kompyuta yonse popanda kufunsa kawiri.

Kukonza kamzereka si ntchito yovuta. Mu bash, maonekedwe ake amasungidwa m'dzina lakuti `PS1`, ndipo amalembedwa mu fayilo ya `.bashrc` imene shell imawerenga nthawi iliyonse terminal ikatsegulidwa. Pali tizizindikiro tochepa toimira zinthu zosinthasintha: `\u` ndi dzina la munthu, `\h` ndi dzina la kompyuta, `\w` ndi njira yonse yofikira mu foda imene munthu alimo, `\W` ndi dzina la foda yomalizayo yokha, `\t` ndi nthawi, ndipo `\$` imasanduka `#` yokha munthu akakhala root. Mu zsh ntchito yomweyi imagwiridwa mu fayilo ya `.zshrc` ndi zizindikiro zina: `%n`, `%m`, `%~` ndi `%#`. Ngakhale pa Windows, `C:\>` wodziwika uja ndi prompt, ndipo amasinthika. Pakati pa tizizindikiroti munthu angathe kulemba mawu alionse amene afuna, m'chilankhulo chilichonse. Safunika kupempha chilolezo kwa kampani kapena kudikira bungwe lomasulira mawu. Ndi mzere umodzi m'fayilo yake.

Pali amene angaone nkhaniyi ngati yachibwana, yoyenera achinyamata okonda kudzionetsera. Zimene zinachitika ku kampani ya GitLab, yosunga ntchito za olemba mapulogalamu a m'maiko ambiri, zimatsutsa maganizo amenewo. Pa 31 Januwale 2017, katswiri wina wa kampaniyo ankalimbana ndi vuto la nkhokwe ya deta mpaka usiku. Panali maseva awiri, yaikulu yotumikira anthu ndi ina yosunga kope lake, ndipo maina ake ankasiyana ndi nambala imodzi yokha: db1 ndi db2. Iye anafuna kufufuta foda pa seva yachiwiri kuti ayambe kukopera mwatsopano, koma lamulolo analilemba pa yoyamba. Pamene ankazindikira n'kuliimitsa, deta yokwana pafupifupi 300 GB inali itapita. Njira zingapo zosungira makope apadera zinapezeka kuti sizinkagwira ntchito, ndipo zimene anthu analemba kwa maola pafupifupi 6 zinatayika kotheratu. Kampaniyo inafotokoza poyera zonse zimene zinachitika, ndipo pa mndandanda wa zoyenera kukonza panali kusintha `PS1` pa maseva onse kuti munthu aziona msanga makina amene ali.

Chifukwa chachikulu cha ngoziyo chinali makope apadera osayesedwa, ndipo prompt yabwino siingalowe m'malo mwa makope amenewo. Komabe cholakwa choyambacho chinali cha malo. Munthu wotopa anaganiza kuti ali kwina pamene anali kwina. Zoterezi n'zosavuta kuchitika, chifukwa pulogalamu ya SSH, imene Tatu Ylönen wa ku Finland analemba mu 1995, imalola munthu wokhala ku Lilongwe kulamula kompyuta ya ku Johannesburg kapena ku Frankfurt kudzera pa windo looneka chimodzimodzi ndi la kompyuta ya patebulo pake. Thupi silisuntha, mpando ndi womwewo, kiyibodi ndi yomweyo. Chokhacho chimene chimasintha ndi mawu a mu prompt. Ngati mawuwo sakopa diso, munthuyo alibe chomudziwitsa kuti walowa m'nyumba ya eni.

Apa ndi pamene Chichewa chili ndi chonena. Chizindikiro cha @, chimene Ray Tomlinson anasankha mu 1971 kuti chilekanitse dzina la munthu ndi la kompyuta pa imelo, chimangonena kuti munthu ali pamalo akutiakuti. Chimakhala chimodzimodzi kaya malowo ali pafupi kapena kutali. Chichewa chili ndi magulu atatu a maina osonyeza malo, amene akatswiri a zilankhulo za Chibantu amawapatsa manambala 16, 17 ndi 18: pa, ku ndi mu. Pa amaloza malo enieni amene chinthu chakhazikika, monga pakhomo kapena patebulo. Ku amaloza dera kapena kumene munthu walunjika, ndipo akaphatikizidwa ndi dzina la malo, monga ku Chipata kapena ku Tete, womva amamva kuti ndi kwina. Mu amaloza m'kati, monga m'nyumba kapena m'thumba. Mwana wa ku Dedza, wa ku Katete kapena wa ku Angónia amadziwa kusiyana kumeneku asanayambe sukulu, ndipo sasokoneza pano ndi uko.

Mitundu itatu ya malo imeneyi ndi yomweyo imene prompt imafuna kunena. Kompyuta ya patsogolo pa munthu ndi ya pa. Seva yakutali ndi ya ku. Foda imene akugwiramo ntchito ndi ya mu. Ndipo shell ingathe kusankha yokha pakati pa pa ndi ku, chifukwa munthu akalowa kudzera pa SSH, seva imadzaza dzina lakuti `SSH_CONNECTION`, lomwe pa kompyuta ya patebulo limakhala lopanda kanthu. Mizere iwiri iyi, ikaikidwa mu `.bashrc` ya kompyuta ya munthu komanso ya seva imene amalowako, imakwaniritsa ntchitoyo:

```
if [ -n "$SSH_CONNECTION" ]; then malo="ku"; else malo="pa"; fi
PS1="\u $malo \h mu \w \\$ "
```

Zotsatira zake zimawerengeka ngati Chichewa. Munthu akakhala pa makina ake amaona `mlendo pa dimba mu ~/zolemba $`. Akalowa pa seva ndi mphamvu zonse amaona `root ku nkhokwe mu /var/www #`. Wolankhula chilankhulochi safunika kumasulira kanthu m'mutu. Liwu lakuti ku limamufika ngati mmene limamufikira m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, n'kumukumbutsa kuti zimene akufuna kukhudza zili kwina ndipo mwina n'za anthu ena.

Kunena mwachilungamo, ku yekha sakanapulumutsa katswiri wa ku GitLab uja, popeza maseva onse awiri anali akutali. Pamafunikanso maina osiyana bwino ndi chizindikiro champhamvu pa makina amene ali ndi deta yeniyeni ya anthu. Apa mtundu umathandiza. Ma terminal a lero amamvabe zizindikiro zosinthira mitundu zochokera ku malamulo a ECMA-48 a mu 1976, amene anafala ndi makina a VT100 a kampani ya DEC a mu 1978 ndipo mitundu inawonjezedwamo pambuyo pake. Kulemba `\[\e[41m\]` kumafiiritsa kumbuyo kwa mawu, ndipo `\[\e[0m\]` kumabwezeretsa zonse mwakale. Zizindikiro za `\[` ndi `\]` n'zofunika kwambiri, chifukwa zimauza bash kuti zili pakatizo siziwoneka pa sikirini; zikaiwalika, bash imawerenga molakwika kutalika kwa prompt, ndipo lamulo lalitali limayamba kudzilemba pamwamba pa lokha. Mtundu wofiira uyenera kusungidwira malo oopsa okha. Ndipo popeza pali anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndi nzeru kuwonjezapo liwu, monga `SAMALA`, kuti chenjezo lisadalire mtundu wokha.

Pali chinthu china chimene prompt ingathe kunena chomwe chimapulumutsa nthawi. Malamulo ambiri a Unix akayenda bwino amangokhala chete, ndipo ena akalephera uthenga wake umatayika pakati pa mizere yambiri. Koma lamulo lililonse limasiya nambala m'chizindikiro cha `$?`, ndipo 0 amatanthauza kuti zatheka, pamene nambala ina iliyonse imatanthauza kuti china chake sichinayende. Bash ili ndi `PROMPT_COMMAND`, yomwe imagwira ntchito prompt isanalembedwe, ndipo munthu angathe kuiuza kuti izilemba liwu lakuti `zakanika` nambalayo ikapanda kukhala 0. Wogwiritsa ntchito Git, pulogalamu imene Linus Torvalds anayamba mu 2005, angathenso kuonetsa dzina la nthambi imene alipo, pogwiritsa ntchito `__git_ps1` imene imabwera ndi Git yomweyo. Zonsezi ndi mayankho a mafunso amene munthu akanafunsa makina mobwerezabwereza, ndipo n'chifukwa chake zili ndi malo pa kamzereka.

Wolemba Chichewa pa terminal amakumana ndi misampha iwiri imene mabuku a Chingerezi satchula kawirikawiri. Woyamba ndi kachizindikiro kodulira mawu ka mu m'nyumba, n'zoona ndi ng'ombe. Kwa shell, kachizindikiro kameneka kamatsegula kapena kutseka mawu ogwidwa. Munthu akalemba `cat ng'ombe.txt`, shell imaganiza kuti watsegula mawu amene sanawatseke, ndipo imangoonetsa `>` n'kumadikira. Chizindikiro cha `>` chimenechi ndi prompt yachiwiri, yotchedwa `PS2`, imene imatanthauza kuti lamulo silinathe. Mankhwala ake ndi kuika dzinalo pakati pa zizindikiro ziwiriziwiri, `"ng'ombe.txt"`, kapena kulemba `\` patsogolo pa kachizindikiroko. Mu prompt, njira yapafupi ndi kulemba mu wathunthu, monga mmene zilili m'chitsanzo chapamwambachi. Msampha wachiwiri ndi chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba mu Malaŵi ndi maŵa ngakhale kuti manyuzipepala ambiri anachisiya. Mu Unicode nambala yake ndi U+0175, ndipo mu UTF-8, njira imene Ken Thompson yemwe uja anakonza pamodzi ndi Rob Pike mu 1992, chimatenga mabaiti awiri. Pa makina okonzedwa kuti azigwiritsa ntchito UTF-8 chimaoneka bwino, koma pa seva yopanda dongosolo limeneli chingathe kutuluka ngati zilembo zosokonekera. Lamulo lakuti `locale` limaonetsa mmene makinawo akonzedwera.

Nkhani ya kalembedwe imadzutsa funso limene olankhula chilankhulochi m'maiko osiyanasiyana amalidziwa bwino. Ku Malawi amalemba Chichewa ndi chinthu, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique kalembedwe ka m'sukulu ndi Cinyanja ndi cinthu. Kusiyana kumeneku kumavutitsa osindikiza mabuku ndi omasulira mapulogalamu, chifukwa ayenera kusankha kalembedwe kamodzi ka anthu onse. Pa prompt vutoli palibe, popeza fayilo ya `.bashrc` ndi ya munthu mmodzi. Wa ku Chipata alemba cenjezo, wa ku Zomba alemba chenjezo, ndipo makina amva onse awiri. Chosangalatsanso n'chakuti timawu titatu timene tikunyamula ntchito yaikuluyi, pa, ku ndi mu, timalembedwa chimodzimodzi kumbali zonse za malire.

Tsopano za zokongoletsa. Pali mapulogalamu otchuka okonzera prompt, monga Oh My Zsh, imene Robby Russell anayamba mu 2009, komanso Powerlevel10k ndi Starship. Ndi ntchito zaluso, ndipo anthu ambiri zimawathandiza. Koma wozitenga ayenera kudziwa mtengo wake. Ambiri mwa maonekedwe ake amafuna zilembo zapadera zimene siziikidwa pa makina alionse, ndipo pa kompyuta imene ilibe zilembozo pamangooneka timabokosi topanda tanthauzo. Prompt imene imafufuza zinthu zambiri isanaoneke imachedwa, makamaka pa laputopu yakale kapena mu foda ya Git yaikulu, ndipo kuchedwako kumabwera pambuyo pa lamulo lililonse. Wophunzira amene akuyeserera pa foni ya Android kudzera pa Termux ali ndi sikirini yopapatiza, ndipo prompt yaitali imamudyera malo olembapo. Kwa iye `\W` ndi yabwino kuposa `\w`. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chokopera mizere ya pa intaneti n'kuiika mu `.bashrc` osaiwerenga. Fayiloyi ndi pulogalamu, ndipo chilichonse cholembedwamo chimachitika ndi mphamvu za mwini wake nthawi iliyonse terminal ikatsegulidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Muyeso wabwino ndi wakuti chinthu chilichonse cha pa prompt chikhale choti mwini wake angathe kufotokoza ntchito yake ndi mmene chimagwirira.

Pali zifukwa zomveka zimene ena amakanira kusintha prompt, ndipo n'zoyenera kuzimva. Choyamba n'chakuti wozolowera prompt yakeyake amasokonezeka akafika pa makina achilendo. Izi n'zoona kwa amene anakopera osamvetsa. Amene analemba yekha `\u`, `\h` ndi `\w` amadziwa chimene chilichonse chikuimira, ndipo akaona prompt ya munthu wina amaiwerenga mosavuta kuposa kale. Chachiwiri n'chakuti pa seva yogwiritsidwa ntchito ndi gulu la anthu a zilankhulo zosiyana, Chichewa chingatsekereze ena. Apanso pali choonadi: prompt ya root, kapena ya dzina limene anthu angapo amagwiritsa ntchito, iyenera kugwirizanidwa ndi gulu lonse, ndipo chenjezo lake likhale lomveka kwa aliyense. Koma dzina la munthu mmodzi ndi lake. Chachitatu n'chakuti munthu akamapempha thandizo kwa akatswiri akunja, prompt ya Chichewa ingawadodometse. Wothandiza aliyense amayang'ana lamulo ndi uthenga wa cholakwa, ndipo `$` kapena `#` wa kumapeto, amene ayenera kusiyidwa mmene alili, amamuuza zotsalazo.

Palinso amene anganene kuti timawu titatu pa sikirini sitingasinthe mmene Chichewa chilili m'dziko la makompyuta, pamene malamulo enieniwo, `ls`, `cd` ndi `rm`, ndi zidule za mawu a Chingerezi, ndipo mauthenga a zolakwa amabwerabe m'Chingerezi. Izi n'zoona, ndipo prompt siiyenera kunyamulitsidwa katundu woposa msinkhu wake. Phindu lake ndi laling'ono koma lenileni. Mphunzitsi wa makompyuta amene akufotokozera ophunzira kusiyana kwa makina a patebulo ndi seva angathe kutaya nthawi yaitali ndi zithunzi pa bolodi, pamene pa ndi ku zimafotokoza kusiyanako m'kamphindi. Wophunzira amene walemba yekha mizere iwiri ija waphunzira kale zinthu zitatu zofunika pa kulemba mapulogalamu: kusunga mawu m'dzina, kuyesa ngati chinthu chili choona, ndi kusamala ndi zizindikiro zogwira mawu. Waonanso ndi maso ake kuti makina sakana chilankhulo chake. Mawu a ntchito zatsopano amakhazikika m'chilankhulo anthu akamawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pa zinthu zenizeni, ndipo palibe mawu a pa kompyuta amene munthu amawaona kawirikawiri kuposa a pa prompt.

Wofuna kuyamba safunika kuopa kuononga kanthu. Akalemba mzere wa `PS1` molunjika pa terminal, kusinthako kumagwira ntchito pa windo lokhalo, ndipo kumatha windolo likatsekedwa. Akakhutira, ayambe wakopera `.bashrc` yakaleyo pa dzina lina, kenako awonjezere mizere yakeyo kumapeto kwa fayilo, n'kutsegula terminal ina kuti aone ngati zayenda asanatseke yoyambayo. Wosamalira seva imene ili ndi deta ya anthu, kaya ndi ya sukulu, ya chipatala kapena ya gulu losunga ndalama, ayambe ndi imeneyo: aipatse dzina losafanana ndi la makina oyeserera, aikepo chenjezo looneka, ndipo adziphunzitse kuwerenga kamzereko asanalembe `rm`.